Tsiku limene wolanda katundu wa m'sewero anadzapempha voti kwathu

Tivi inafika kwathu ine ndili wamkulu kale. Ndinali nditabwerera kumudzi, kufupi ndi pa Nsaru, banja langa litatha, ndipo ndinkaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale imene bambo anga anapumirapo ntchito. Mchimwene wanga wa ku Joni ndiye anaitumiza, pamodzi ndi sola, batire ndi dishi. Bambo sanaikondwerere poyamba. Anali mkulu wa mpingo, ndipo kwa zaka zambiri ankadzudzula tinyumba ta vidiyo ta pamsika, m'mene anyamata ankaonera mafilimu a nkhonya omasuliridwa m'Chichewa. Ankati ana amaphunzira kutukwana m'menemo. Koma atazindikira kuti zokambirana za ku nyumba ya malamulo zimaonetsedwanso, anakokera mpando wawo wa ndalema kutsogolo kwa tivi ndipo sanauchotsenso.

Mayi ankakonda masewero. Mafilimu a ku Nigeria ankati ali ndi phokoso ndi ufiti wochuluka, ndipo sankamvetsa chifukwa chake akazi a m'menemo amadzuka m'mawa milomo ili yofiira kale. Ankafuna masewero a kuno kwathu, oti nyumba zake ndi zofolera ndi malata ngati zathu zomwe, anthu ake nkumayankhula zomveka. Loweruka masana amayi anzawo a chigwirizano ankabwera ndi malichero a mtedza, nkumaswa maso ali pa tivi.

Panali sewero lina limene linkapitirira sabata ndi sabata. Munali bambo wina wamtali, wadazi, wovala jekete yaifupi mikono, amene mchimwene wake atamwalira anayamba kulanda katundu wa mlamu wake wamasiye. Ankalowa m'nyumba ya maliro akugwedeza makiyi m'manja, maso ali kudenga ngati akuwerenga malata. Sabata ino atenga ngolo, sabata yamawa atenga makina osokera. Amayi ena aja ankaseka ndi kumutukwana, koma mayi anga sankaseka.

Chifukwa chake tonse tinkachidziwa. Mng'ono wawo anakwatiwa kwa Kabudula ndi mlimi wa fodya wochita bwino. Mwamunayo atamwalira, abale ake anatenga ng'ombe, ngolo, njinga ndi mabelo a fodya amene anali asanapite ku okushoni. Mayi aang'onowo anabwerera kwathu ndi ana ndi mphasa basi. Sanakhale ndi moyo zaka zambiri, ndipo anawo anakulira m'nyumba mwathu.

"Taonani mmene akuyang'anira malatawo," anatero mayi tsiku lina. "Ndi mmene ankayang'anira alamu ake a mng'ono wanga."

"Ndi sewero limenelo, mayi," anayankha bambo. "Munthuyo amalipidwa kuti inu mumude. Mukamuda ndiye kuti ntchito yake waigwira bwino."

"Munthu sangaonetse chimene mulibe mwa iye."

Anakangana choncho kangapo, osapsa mtima, aliyense osasuntha.

Chaka cha chisankho chitafika, tinangoona nkhope ya bambo wa makiyi uja itamatidwa pa mitengo ya bulugamu ya m'mbali mwa msewu. Tinamva kuti mayi ake anali a m'dera lathu lomweli, ndipo iye akufuna uphungu, woima payekha wopanda chipani. Anyamata a kabaza anamukonda nthawi yomweyo. Ankati akawina, dera lathu lidzadziwika dziko lonse.

Bambo anandidabwitsa, chifukwa nawonso anamukonda. Iwo anali atakhala nthawi yaitali akuonera aphungu akukuwizana, ena akugona, ena akumenya matebulo pa nkhani imene sanaimve. Ankati onsewo ndi azisudzo, kungoti ambiri a iwo sanaphunzire ntchitoyo. Uyu yekha ndiye ankavomera poyera kuti ndi wa zisudzo, ndipo ankadziwa kumaliza chiganizo chimene wachiyamba. Mayi ankangoti munthu wotha kutulutsa misozi pa nthawi imene wauzidwa kuti alire, iwo sangamupatse voti yawo.

Anafika kwathu masana ena m'nyengo yosankha fodya. Ankayendera akuluakulu a mipingo ndi aphunzitsi opuma, ndiye bambo anali pakati pa anthu amenewo. Ine ndinali nditangoweruka kusukulu. Anatsika pa kagalimoto kakang'ono kodzaza fumbi, ndipo sitinamuzindikire msanga, chifukwa anali ndi tsitsi mutu wonse. Dazi lija linali lometa. Mawu ake anali otsika. Anapatsa moni bambo ndi manja awiri, kenako ananjuta pamaso pa mayi, amene anali pachigafa akumanga timitolo ta fodya.

Mayi anayankha moniwo, nkusamba m'manja, nkumubweretsera thobwa. Anakhala pamphasa chapatali pang'ono, pakhonde pomwepo, nkumamvetsera iye akufotokozera bambo za msewu wathu umene unkaduka dzinja lililonse. Atamaliza, mayi anayankhula.

"Pepani bambo, ndifunse nawo. Makina a mayi wamasiye aja munawabweza kodi?"

Mlendoyo anaseka pang'ono, koma ataona nkhope ya mayi analeka.

"Amayi, makina amene aja anali obwereka kwa telala wina wa m'tauni. Tinawabweza tsiku lomwelo."

"Zimenezo ndikudziwa, sindine mwana. Ndikufunsa kuti kuyang'ana kuja munakutenga kuti. Ine ndinakuonapo kuyang'ana kumene kuja pamaliro enieni."

Mlendoyo anaika kapu pansi. Anati bambo ake atamwalira iye ali ku pulayimale, abambo ake aang'ono anabwera ndi thirakitala yobwereka nkusasula malata a nyumba yawo, mvula ili pafupi kugwa. Makiyi aja, jekete ija, kayendedwe kaja, zonse anatengera kwa munthu ameneyo. Anati atapatsidwa mbali imeneyo m'sewero sanavutike kuiphunzira, chifukwa anaiphunzira ali mwana ataima pabwalo. Anayankhula mosakweza mawu, ndipo sanalire.

Mayi anangoti, "Chabwino. Imwani thobwalo."

Galimoto itachoka, bambo anawayang'ana mayi ngati munthu amene wapambana mlandu. "Mwamva nokha, eti?"

"Ndamva," anatero mayi. "Koma sindikudziwa ngati nalonso si sewero. Ndiye vuto lake la anthu amenewa. Ngakhale anene zoona, iwe sungadziwe."

Anabwerera kuchigafa kwawo.

Munthu uja anawina. Bambo anamuvotera, ndipo ankauza aliyense. Mayi sananene amene anamuchonga, ndipo ine sindinawafunse. Miyezi yoyamba bambo ankamudikira pa tivi ngati mwana wawo. Anaimirira kamodzi nkuyankhula za msewu wathu momveka bwino, mpaka bambo anaomba m'manja ali okha pabalaza. Koma chaka chisanathe tinamuona pa nkhani za masana atavekedwa nsalu ya chipani cholamula m'khosi, akuvina pakati pa amayi, akunena kuti anthu a kwawo ndi amene amutuma kuti alowe chipanicho. Bambo anathimitsa tivi, chinthu chimene sankachita nkhani zisanathe.

"Anatifunsa liti ifeyo?" anatero. "Pakhonde pano anati sadzagulidwa."

Kuyambira pamenepo bambo sankamutchulanso kuti phungu wathu. Ankangoti wa zisudzo uja. Mayi sanawakumbutse zimene ananena kale. Anangopitiriza kuswa mtedza wawo.

Patapita nthawi, m'mudzi woyandikana ndi wathu munagwa maliro a bambo wina amene anasiya mkazi, ana aang'ono, nyumba ya malata ndi chigayo. Abale a malemu ochokera ku Mpingu anafika mtembo usanatuluke m'chipatala, ndipo wamkulu wawo anali atatenga kale makiyi a chigayo. Aliyense ankadziwa chimene chikubwera. Abusa anali atayankhulapo mwaulemu, koma zinangolowera khutu ili nkutulukira linalo.

Phungu uja anabwera pa tsiku loika. Ine ndi mayi tinali titakhala ku mbali ya amayi. Atapatsidwa mpata woyankhula, anayamba ndi mawu achipepeso monga amachitira onse. Kenako anapisa dzanja m'thumba, natulutsa makiyi a galimoto yake, nayamba kuwagwedeza. Anapendeketsa khosi, nayang'ana denga la nyumba ya malemu monga ankachitira m'sewero muja. Anthu anayamba kung'ung'udza.

"Nonse mukundidziwa," anatero ndi mawu aja okalipa a pa tivi. "M'dziko muno wolanda katundu wa amasiye ndine. Ntchito imeneyo ndi yanga, ndipo pakhomo pano sindinatume munthu. Ndikadzamva kuti lata limodzi lasowa, kapena chigayo chasintha mwini, ndidzabwera ndi anzanga a makamera, tidzapange sewero lina. Mayina sitidzasintha."

Anthu anaseka pamaliro, mpaka ena anadzigwira pakamwa. Wamkulu wa abale uja anangoyang'ana nsapato zake. Anthu asanabalalike, makiyi a chigayo anaperekedwa kwa mayi wamasiyeyo pamaso pa abusa. Mayiyo akugayitsa anthu mpaka lero.

Pobwerera kunyumba, titayandikira dambo, mayi anati, "Akanakhalapo nthawi ya mng'ono wanga."

Titawafotokozera bambo, amene sanapite chifukwa cha miyendo, sanasinthe maganizo. Anati zimenezo ndi zabwino, koma sitinamusankhe kuti azikachita zisudzo pamaliro, tinamusankhira msewu, ndipo msewuwo unali udakali chidukire. Mayi anati msewu analonjeza aphungu onse chiyambire iwo ali mtsikana, koma amene anaopsezapo wolanda katundu ndi mmodzi yekha. Choncho anasinthana malo: bambo nkumamunyoza, mayi nkumamuikira kumbuyo, ngakhale ankanenabe kuti sakudziwa ngati nkhani ya thirakitala ija inali yoona.

Pa chisankho chotsatira phungu uja anagwa. Anagonja kwa wamalonda wina wogula soya amene anagawa zitenje ndi ndowa m'midzi yonse. Patapita miyezi tinamuonanso m'sewero latsopano, atavala kolala ya ubusa. Mayi anaonera magawo angapo nkunena kuti ubusa sukumukhala, akupemphera ngati munthu amene akuyang'ana wotchi.

Masiku ano maso a bambo anachita ng'ala, saona bwino zithunzi. Amakhalabe kutsogolo kwa tivi, ndipo mayi ndi amene amawauza zimene zikuoneka. Aphungu akamayankhula, bambo amamva okha mawu, koma mayi amawonjezera kuti uyu wanenepa, uyo akusewera ndi foni, winayo akuwerenga pepala limene sanalembe yekha. Nthawi zina bambo amandiitana kuti ndidzatsimikize ngati mayi sakuwonjezera zawo. Kawirikawiri ndimapeza kuti awonjezera pang'ono.