Bondo la mkamwana

Dokotala wa ku Blantyre sanapsatire mawu. "Mayi, mwendowu taupulumutsa, koma fupa taikamoli silinagwire. Musagwade. Likathyoka, chotsala n'kudula basi."

Ndinangoti chabwino. Munthuyo sankadziwa kumene ndinakwatiwa.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Boma linanditumiza kukaphunzitsa ku Mwazisi, kumpoto, komweko ndinapeza banja, Atumbuka n'kundilowola ndi ng'ombe zawo. Kumeneko mkamwana, ndiye kuti mkazi wokwatiwa pamudzipo, sapereka madzi ali chilili. Ndinagwada pakhonde, m'munda, ngakhale pamsewu, moti bondo lakumanja litayamba kutupa ndinkati ndi kugwadako. Ayi ndithu. Chinali chotupa, chikudya fupa m'kati ngati anankafumbwe m'chimanga. Madokotala anachotsa podyekapo, pamwamba pa bondo, n'kusema fupa lina m'chiuno mwanga momwe, kuliika pamenepo, kulimanga ndi chitsulo.

Pobwerera, galimoto itangodutsa pa mlatho wa Njakwa, kuyandikira kumudzi, mantha anandigwira. Sanali a mabampu ayi. Ndinkaopa khonde la apongozi.

Masiku oyamba bambo a kunyumba ankanditchinga. Mlendo akafika ankafulumira kunena kuti, "Awa achipatala awaletsa kugwada." Anthu ankati pepani chomene, koma maso ali pa mpando umene ndakhalapo, iwo ali pamphasa. Mlamu wanga wamkazi ndiye analibe chobisa.

"Mwendo si uwu uli bwinobwino? Akanadula tikanamvetsa. Ku Blantyre mwabwerako ndi ndodo ndi mwano, alamu."

Ndinapsa mtima, koma ndikanamuonetsa chiyani? Chilonda chinali chitapola. Chosapolacho chinali m'kati, kosaoneka.

Kenako bambo a kunyumba anapita ku Mzuzu ndi fodya ku okushoni. M'mawa mwake kunatulukira akulu awo a apongozi aamuna, mwini mbumba yonse, amene ng'ombe zondilowola zinachokera m'khola mwawo. Anati abwera kudzazonda mkamwana. Anayenda pansi mtunda wonsewo, munthu wokalamba, atanyamula nkhuku kukhwapa.

Chakudya chitapsa, apongozi aakazi anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Sanali munthu woipa mayi aja. Ndiwo ankandichapira ndi kunditungira madzi. Anangonong'ona kuti, "Mwana wanga, kamodzi kokha. Tisachite manyazi."

Mlamu uja anandilanda ndodo, n'kundipatsa beseni ndi jagi.

Bwalo lonse linandiyang'ana. Ndinayenda motsimphina, madzi akukhavukira pachitenje. Nditafika pamaso pa mkuluyo ndinaima. Iwo anatambasula manja m'munsi, pafupi ndi dothi, pamene manja a munthu wamkulu amadikirira madzi, ndipo sanakweze maso. Ndinayesa kuwerama chabe. Kumbuyo kwanga wina anatsokomola.

Ndinaganiza za ana anga a sitandade 4 akundiona ndikulowa m'kalasi ndi mwendo umodzi. Ndinaganizanso zokhala pamudzi uja moyo wonse ndili mkazi amene anaimirira pamaso pa adada, mwini mbumba.

Ndinayamba kugwada ndi bondo lakumanzere. Kenako lakumanja, pang'onopang'ono, mano nditaluma.

Kanali kaphokoso kakang'ono, thyo, ngati kuthyola phesi louma. Palibe anamva koma ine.

Mkuluyo anasamba bwinobwino, chala ndi chala, n'kumwetulira, n'kundithokoza m'Chitumbuka.

"Yewo, mkamwana. Wachira nadi. Nyamuka, mwana wane."

Ndinagwira beseni lija zolimba. Bwalo lonse linkadikira kuti ndidzuke.