Chikwama cha Amayi pa Mlatho

M'mawa umenewo kunkawomba mphepo yofunda yochokera kunyanja, yomata pakhungu. Zingwe za ngalawa zinkalira pamitengo yake, akhwangwala ankakangana padenga la msika wa nsomba, ndipo chapatali lole inkaliza hutala kuitana okwera. Ine ndinali nditasenza chikwama cha amayi. Chinali cha pulasitiki yolukaluka, cha mizere yofiira ndi yabuluu, ndipo pa zipi yake anamangapo kawaya poti chokokera chinathyoka kale. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Tsopano ndimakhala kutali kutsidya kwa nyanja, ku Armadale mumzinda wa Perth, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Midland, ndipo ndikulera ndekha mwana wanga wamkazi. Koma ndikapita kudoko la Fremantle masana, mphepo ija ikayamba kuwomba pa makoma akale a miyala yoyera, khosi langa limakumbukabe chikwama chimenecho.

Bambo anga anali othawa nkhondo ochokera ku Mozambique. Anakwatira amayi kwathu ku Machinga, n'kumwalira ndisanayambe sukulu. Nkhondo itatha, njira zitatseguka, malume anabwera tsiku lina n'kundiuza kuti tipita kukaona azakhali, mlongo wa bambo, amene ankakhala pachilumba m'nyanja yamchere. "Ukaona mzinda wa miyala yokhayokha," anatero. "Sabata imodzi basi, tibwerera." Amayi ankasankha nyemba pa lichero ndipo sanadzutse mutu.

Tsiku lotsekera sukulu aphunzitsi anandiitana pandekha, n'kundipatsa mapensulo awiri osasongola. Anandigwira chanza ngati munthu wamkulu. "Ukalimbikire kumeneko," anatero. Ndinawalonjeza kuti ndikaphunzira kusambira. Nawonso ankadziwa. Ndikaganiza bwino, mudzi wonse unkadziwa, kupatula ine.

Ine, amayi ndi malume tinayenda masiku anayi, pa sitima ndi pa malole. Pa siteshoni ya Nayuchi ndinapempha kunyamula chikwama chija, koma sindinathe ngakhale kuchitukula pansi. Malume anaseka. "Ukakadya nsomba za kumchere, udzachinyamula ndi chala chimodzi."

Za mzindawo sananame ayi. Unali kumapeto kwa mlatho wopapatiza, wautali kuposa msewu uliwonse wowongoka umene ndinauonapo, ndipo mbali zonse kunali madzi obiriwira oonekera mpaka pansi. Nyumba zake zinali za miyala, zitseko zazikulu zosemasema, njira zothina moti munthu ukatambasula manja unkakhudza makoma onse awiri. Mitengo inamera m'nyumba zina n'kutulukira pawindo. Kumapeto kwa chilumba kunali linga, makoma ake okhuthala moti tinkayenda pamwamba pake atatu moyandikana, phewa ndi phewa, mizinga yadzimbiri italoza kunyanja. Azakhali sankakhala m'nyumba za miyalazo. Iwo ankakhala kumunsi, m'nyumba zofolera ndi masamba a kokonati, m'maenje momwe kalekale anthu anakumbamo miyala yomangira mzindawo. Pochoka pamsewu tinkachita kutsika masitepe.

Sabata imeneyo ndinasangalala, ndipo zimenezi ndi zomwe zinkandiwawa kwambiri pambuyo pake. Ndinalawa madzi a m'nyanja n'kulavula, malume n'kugwa ndi phwete. Ndinaona nyanja ikuthawa m'mawa n'kusiya ngalawa zitagona chammbali pamchenga, madzulo n'kubwereranso kudzazidzutsa. Ndinkaopa azimayi odzola zoyera kumaso, mpaka ndinazindikira kuti mmodzi wa iwo ndi azakhali omwe. Pamwamba pa linga amayi anandigwira malaya kumsana ndipo sanandisiye mpaka titatsika. Masana onse ankakhala pakhonde kusokerera mabatani pa malaya anga, ngakhale amene sanali ogwedera. Anandiwenga zikhadabo. Anandiimika pa beseni n'kundionetsa mmene amachapira kolala, kawiri konse. Ndinkangoti amayi asowa chochita kumudzi kwa eni.

Tsiku lobwerera litakwana, azakhali anatulutsa chikwama chija n'kundisenzetsa. M'Chichewa chawo chothyokathyoka anati, "Tiye, mwana, tiperekeze alendo."

Mwambo umenewu ndinkaudziwa ngati mmene ndinkadziwira pemphero la Ambuye. Kwathu mlendo sanyamula katundu wake potuluka pakhomo. Amanyamula ndi mwana wa pakhomopo, mpaka pamphambano. Pamenepo mlendo amalandira katundu wake ndi manja awiri, amathokoza, ndipo mwanayo amabwerera kunyumba. Ndinali nditaperekezapo anthu osawerengeka. Koma tsiku limenelo mawu a azakhali anangondidutsa, chifukwa chikwama chinakwera pamutu panga mosavuta, ndipo mtima wanga unali pamenepo. Ndinayenda patsogolo pa onse, manja onse ali m'munsi, kuti malume aone zimene nsomba za kumchere zandichita.

Pakamwa pa mlatho lole inali itadzaza kale. Amayi anakwera msanga, osandiyang'ana. Malume anaima patsogolo panga, anawerama pang'ono, n'kulandira chikwama ndi manja awiri.

"Zikomo, bambo. Bwererani pano."

Chibadwire anali asanandilankhulepo mwaulemu chotero. Pamenepo ndiye ndinamva. Ndisanasunthe, dzanja la azakhali linali litandigwira pamkono, louma ngati chingwe cha ngalawa. Ndinakuwa. Ndinaitana amayi, kenako ndinawaitana ndi dzina lawo lenileni, chinthu chimene mwana sachita. Iwo anakoka chitenje n'kufunda kumutu. Mlatho umenewo sukhota. Munthu akamakusiya pamenepo, umamuona kwa nthawi yaitali akucheperachepera, ndipo mpaka pomaliza umaganiza kuti lole iima.

Kunyumba ndinapeza zovala zanga zonse zitapindidwa pamkeka, mapensulo awiri ali pamwamba.

Nyengo yonse yotentha ija, mpaka mvula inagwa n'kudzaza maenje athu, ndinkapita pamlatho m'mawa uliwonse. Ndinasiya kulankhula. Ana a kumeneko ankandiseka m'chilankhulo chomwe sindinkachimva, ndipo zinandithandiza kuti sindinkachimva. Linga lija sindinkafunanso kuliona. Azakhali sanandimenyepo. Iwo anali Msilamu, koma atamva kuti ndinabatizidwa, Lamulungu lililonse ankandiperekeza mpaka pakhomo la tchalitchi cha m'mzinda wa miyala, n'kukhala pamthunzi panja kudikira kuti nditulukemo. Chikhulupiriro changa chinasungidwa ndi mayi ameneyo.

Patatha zaka zitatu azakhali anandibweza okha kwa malume, ataona kuti sukulu ya kumeneko sikundilowa. Chifukwa chake cha zonsezi ndinachimva kwa anthu ena. Amayi anali atapeza banja, mwamunayo ankawatenga kukakhala kwawo, ndipo ananenetsa kuti mwana womupeza sakumufuna. Malume, amene mwamwambo anayenera kundisunga monga mwini mbumba, anali ndi ana awo asanu ndi awiri ndi munda umodzi. Sindine munthu wofulumira kuweruza, ndipo zifukwa zimenezi ndinazimvetsa ndili mnyamata. Chimene ndinakhala nacho zaka zambiri ndi bodza lija. Akanandiuza, ndikanalira ndithu, koma ndikanalirira pa miyendo ya amayi, osati pamsewu. Amayi sanaitchulepo nkhaniyi mpaka anamwalira, ndipo ine sindinawafunse.

Kuno ku Perth anzanga a kutchalitchi amandidziwa kuti alendo ndimatsanzikana nawo pakhomo, sindifika nawo pagalimoto. Ena ankati ndatengera za Azungu. Mkazi wanga yekha ndiye ankadziwa, ndipo ankawaperekeza iye.

Madokotala atatiuza kuti matenda a mkazi wangayo sachira, mwana wathu anali ndi zaka khumi. Azimayi a kutchalitchi, anthu abwino amene ankatiphikira ndi kutichapira, anandilangiza kuti mwanayo ndisamuuze. "Muzingoti amayi ake akupezako bwino, bambo. Ndi mwana uyu." Ndinawathokoza, koma mumtima ndinali nditatsimikiza kuti wanga sanyamula chikwama osadziwa.

Ndinati ndimuuza Lolemba. Lolembalo ndinamuchapira yunifolomu. Lachiwiri ndinamukonzera unyolo wa njinga umene sunali wowonongeka. Lachitatu ndinapezeka nditakhala patebulo, juzi yake ya kusukulu ili m'manja, ndikulimbitsa batani losagwedera. Ndinayang'ana singanoyo kwa nthawi yaitali.

Mawa lake tinakwera sitima mpaka ku Fremantle, tinakhala pansi pa khoma loyang'ana kunyanja, ndipo ndinamuuza. Ndinalankhula m'Chichewa, iye anandiyankha m'Chingerezi, mokuwa, kuti ndine wabodza ndipo amadana nane. Kwa masabata awiri sanandilankhule. Koma anapita kuchipatala tsiku lililonse, anawapesa tsitsi amayi ake, ndipo anatsanzikana nawo akudziwa chimene akuchita.

Sindikunena kuti ndinaposa amayi anga. Ine zinanditengera masiku anayi, ndili ndi ntchito, nyumba, ndi mpingo wonse kumbuyo kwanga. Iwo anali ndi sabata imodzi, singano ndi ulusi, ndipo ndikukhulupirira kuti m'mawa uliwonse ankadzuka akuti lero ndimuuza. Mwana uja woyenda patsogolo, manja ali m'munsi, sakanadziwa zimenezi. Iye ankangoti wakula mphamvu. Sanadziwe kuti chikwama chapepuka chifukwa zake zonse azichotsamo, ndiponso kuti amene anazichotsamo anayamba wazipinda bwinobwino, chimodzichimodzi.

Chimene anandichita chinali cholakwa, ndipo sindinasinthe maganizo pa zimenezo. Amayi, malume, ndi aphunzitsi aja, onse ndinawakhululukira.