Momwe Marvella Anausiyira Mpando

Mukafunsa munthu aliyense wa kuno ku Verdell za a Orval Tiedeman, ayamba waseka kaye asanayankhe. Tonse tinakula tikuwaona: munthu wamtali ngati mtengo wa magetsi, atadzipinda m'kagalimoto ka mayi wina wamfupi, mawondo ali m'makutu, chiwongolero chili pamimba, akuyenda pang'onopang'ono mumsewu waukulu kuyesa mabuleki. Anali makaniko, ndipo pa ntchito yawo panalibe wodandaula. Koma mpando wa galimoto ya mwini sankausuntha. Galasi loonera kumbuyo nalonso ayi. Ukawasiyira galimoto unkaipeza momwe unaisiyira, ngakhale ukhale wamfupi ngati chitsa.

"A Orval, kodi kachitsulo kosunthira mpando kamaluma?" alimi ankawaseka choncho.

"Mpando ndi wa mwini," ankangoyankha zomwezo basi.

Ine ndine Dorene. Ndathira khofi mu lesitilanti yoyang'anizana ndi khoti kuyambira mano anga ali onse, ndipo anthu amati pakamwa panga sipatseka. N'zoona, sindikana. A Orval ankabwera m'mawa uliwonse, n'kukhala pa tebulo la pawindo, okhaokha. Mazira awiri, khofi wopanda shuga, maso pa kapinga wa kukhoti. Pakati pa kapingayo panali mwala wafulati wolembedwa, ndipo pansi pa mwalawo panali galimoto.

Eya, galimoto yeniyeni. Mu 1959 akuluakulu a tauni yathu anakumba chidzenje, anamangamo chipinda cha simenti, n'kuikamo galimoto yatsopano kuti adzaifukule pakatha zaka makumi asanu, adzukulu adzaone mmene tinalili anthu otsogola. Musandifunse chifukwa chake. Tirigu anachita bwino chaka chimenecho, ndipo anthu akakhuta amaganiza zodabwitsa.

A Orval anali mnyamata nthawiyo, akugwira ntchito kwa wogulitsa magalimoto amene anapereka galimotoyo. Iwo ndi amene anasankhidwa kuti aiyendetse kuchoka kusitolo mpaka kudzenje. Anagula ndi tayi yomwe. Koma anali atangokwatira Marvella Kuhlman, kamtsikana kafupi, kamaso akuthwa, kosamva za munthu. Atatsala pang'ono kunyamuka, Marvella anatsegula chitseko cha dalaivala n'kunena kuti, "Sendera uko, Orval. Iwe umayendetsa tsiku lililonse." Magalimoto a masiku amenewo anali ndi mpando umodzi wautali kutsogolo, ngati benchi, moti ukausuntha unkasuntha wonse. Marvella anaukokera kutsogolo mpaka pothera kuti miyendo yake ifike pa mabuleki, ndipo mwamuna wake anapindika ngati mpeni wa m'thumba.

Ine ndinali kamwana, ndili paphewa pa bambo anga, koma ndikukumbukira bwinobwino. Galimoto yobiriwira ikung'anima padzuwa, mutu wa Marvella ukungosuzumira pamwamba pa chiwongolero, ndipo pambali pake a Orval mawondo ali pachibwano, nkhope ili ndwii, atayang'ana pawindo. Msewu wonse unafa ndi phwete. Wina anakuwa kuti, "Orval, amayi akukuperekeza kusukulu?" Atafika kukhoti anatsika, makina anainyamula galimoto ija, anaikulunga m'mapepala, n'kuitsitsira m'dzenje bandi ikuimba.

Chakudza sichiimba ng'oma. Patangopita zaka ziwiri, mphepo ya kamvulumvulu inadutsa kumpoto kwa tauni masanasana, a Orval ali kunsi kwa thirakitala ya munthu kugalaja. Atathamangira kunyumba anapeza masitepe a simenti okha, okwera kupita popanda kanthu. Marvella anakamupeza m'munda wa tirigu atamwalira kale. Za m'nyumba sizinaoneke, ngakhale supuni, ngakhale chithunzi cha ukwati.

Sanakwatirenso. Anasamukira m'kachipinda ka kuseri kwa galaja ndipo anakalambira momwemo. Azimayi a kutchalitchi anayesa kuwapititsira zophika, akazi amasiye ena anayesa kuwononga dala magalimoto awo, koma onse ankangolandira mbale yotsuka bwino ndi "zikomo". Pa Khirisimasi ine ndinkawakulungira nyama ya nkhukundembo m'pepala, iwo n'kukadyera kugalaja, wailesi ikulankhula yokha.

Nthawi yofukula itayandikira, kanyuzipepala kathu kanalemba kuti a Meya, Kip Haskett, ndiwo adzayambe kulowa m'galimotomo, ndipo ikadzalira adzaiyendetsa kuzungulira khoti. M'mawa umenewo mazira a a Orval anazizirira m'mbale.

"Mwadwala?" ndinawafunsa. "Kapena mazira anga ayamba kukunyansani?"

"Kip ali ndi mimba," anatero.

"Ndiye ikhale nkhani imeneyo? Tauni yonse ikudziwa. Mimbayo ndinaimanga ndine."

"Adzasuntha mpando, Dorene."

Ndinakhala pansi, chinthu chimene sindichita ndili pa ntchito. Iwo ankalankhula maso ali panja.

"Munthu akalowa m'galimoto ya mwini, dzanja limapita lokha. Choyamba mpando, kenako galasi. Saganiza n'komwe. Tsono taona, mphepo ija inatenga zonse. Ndilibe kapu, ndilibe chipeso, ndilibe chitseko choti ndinene kuti Marvella anachisiya chonchi. Padziko lonse chatsala chinthu chimodzi chokha chimene chili momwe dzanja lake linachisiyira, ndipo chili apo." Analoza pa kapinga. "Galimotoyo sindikuifuna ine. Ndikungofuna ndikhale pamene anakhala, ndione zimene ankaona, wina asanagwire."

Ndiye anawonjezera, mawu atatsika.

"Tsiku lija sindinamuyang'ane ngakhale kamodzi. Ndinakwiya, manyazi atandigwira. Ulendo wonse maso pawindo. Anthu amati ankamwetulira, koma ine nkhope yake ya tsiku limenelo sindiidziwa. Nthawi zina ndimaganiza kuti naye anatengeka ndi chikhamu chija, n'kuiwala kuti ndilimo."

Mtima unandipweteka, abale. Zaka zonsezo ndinkaseka nawo za mawondo aja.

Anapita kumsonkhano wa khonsolo atavala jekete lawo la kumaliro, chipewa chili m'manja. Anapempha mwaulemu. Sanafotokoze zonse, chifukwa a Orval sanali munthu woyala mtima wake pagulu. Anangoti akufuna kukhala oyamba kulowamo. Kip anawasisita paphewa. "Madala, pulogalamu inatha kale, komanso a inshuwalansi sangalole. Koma musadandaule, tikupatsani mpando wa kutsogolo ndi kachipewa ka chikumbutso." Kachipewa! Asa! Ndinatsala pang'ono kumuthira Kip khofi m'khosi mwa malaya tsiku lotsatira.

Chinanso n'chakuti mtima wawo unali utayamba kuvuta. Dokotala atawachenjeza, a Orval anasiya fodya tsiku lomwelo, anasiya nyama ya nkhumba, n'kuyamba kuyenda wapansi kuzungulira khoti madzulo alionse, kaya kukuzizira kaya kukuomba mphepo. Anthu ankati mkuluyu akuopa imfa. Sankaopa imfa ayi. Ankaopa kufa dzenje lisanatsegulidwe.

Tsikulo linafika mu Juni, dzuwa likuswa mtengo. Anthu anabwera kuchokera m'matauni onse ozungulira, a pa TV, ogulitsa masoseji, bandi ya kusekondale. A Orval anakhala mzere woyamba, kachipewa kaja kali pabondo. Ine ndinatseka lesitilanti n'kukaima kumbuyo kwawo, epuloni ndisanavule.

Makina atanyamula chivundikiro cha simenti, oyandikira anasuzumira m'dzenjemo. Munali madzi. Madzi akuda, onunkha, ofika m'mawindo a galimoto. Simenti inali itang'aluka, sitikudziwa liti. Anapopa, anapopa, mpaka masana. Potsiriza anaimangirira n'kuikweza, mapepala aja akulendewera ngati nsanza, ndipo chimene chinatuluka sichinali chobiriwira ayi. Chinali chamtundu wa matope, dzimbiri lokhalokha, matayala ataphwa, madzi akuchucha kunsi. Chikhamu chonse chinabuula pamodzi. Bandi inayamba nyimbo n'kuisiyira panjira. Mayi wina pafupi nane anayamba kulira, ndipo ambiri anatembenuka kupita kumasoseji.

Koma Kip ndi wandale, sangalole kamera ipite osamujambula. Anthu awiri anakanganula chitseko cha dalaivala ndi chitsulo mpaka chinatseguka chikulira. Kip anawerama, anaona kuti mimba yake siingalowe, ndipo dzanja linapita lokha kunsi kwa mpando, monga ananenera a Orval. Ndinaona a Orval akuimirira. Kip anakoka kachitsulo kaja. Anakokanso, mpaka nkhope inafiira. Mpando uli nji! Dzimbiri linali litaumata pomwepo. Moyo wawo wonse a Orval analimbana ndi dzimbiri, koma tsiku limenelo linawagwirira ntchito.

"Chabwino, tingopukuta apa kuti chithunzi chioneke bwino," anatero Kip, akutulutsa kampango. Analowetsa mutu ndi phewa, dzanja likulunjika pa galasi loonera kumbuyo. Madzi sanalifike galasilo, linali pamwamba.

Mawu anga anandituluka ndisanawaitane. "Iwe Kip Haskett! Ukangoligwira galasilo, khofi wanga sudzamulawanso mpaka kufa! Ndinakupukuta mamina ndine uli kamwana, usandiyese. Choka apo!"

Maikolofoni yake inali yoyatsa, choncho bwalo lonse linamva. Anthu anaseka koyamba chitulukire galimoto ija. Kip anabwerera m'mbuyo, kampango kali m'manja, akuyang'ana uku ndi uku. Ataona a Orval ataima pamenepo, kaya anakumbuka chiyani, anangoti, "Aaa, lowani madala. Palibenso choti chingaonongeke umu." N'kutengana ndi a TV aja kupita kukajambulitsa kutsogolo.

Ndinavula epuloni n'kuiyala pampando, chifukwa nsalu yake inali itaola, pangotsala mawaya ndi matope. A Orval analowa momwe ankalowera m'magalimoto onse aja, mwendo umodzi kaye, kenako kudzipinda. Apa m'pamene ndinazindikira kuti zaka zonsezo thupi lawo linkazolowera mpando umenewu. Atakhala, mawaya oola aja anabonyeka, munthu wamtali uja n'kutsika mpaka mutu wake unangosuzumira pamwamba pa chiwongolero. Anaika manja pa chiwongolerocho. Anayang'ana kutsogolo nthawi yaitali, ngakhale pagalasi la kutsogolo panali matope okhaokha. Kenako anakweza maso n'kuyang'ana pa kagalasi kaja.

Anapendeketsa mutu pang'ono, n'kuubwezanso.

"Dorene," anaitana, "tazungulira ukhale mbali inayo."

"M'matopemo? Ndi diresi yanga ya kutchalitchi?"

"Chonde."

Chitseko chinacho chinakana, ndiye ndinachita kukwawa kudzera chakumbuyo, nkhalamba ngati ine, anthu akundiona. Ndinakhala pamene anakhala iwo tsiku lija. M'menemo munkanunkha ngati m'chitsime chakale.

"Galasili silikuona kumsewu," anatero pang'onopang'ono. "Ine ndakonza magalimoto moyo wanga wonse. Palibe amene amaika galasi chonchi kuti aone kumbuyo. Likuona pamene wakhala iwepo."

Ndinayang'ana m'mwamba. Galasilo linali ndi madontho akuda m'mbali, koma pakati panali powala, ndipo maso a a Orval anali momwemo, onyowa, akundiyang'ana.

"Ankakuyang'anani inu," ndinatero. "Msewu wonse uja, anthu onse aja, iye ankayang'ana inu ndi kukwiya kwanuko." Ndikanalekera pomwepo. Koma pakamwa pangapa! "Inetu ndikukuonaninso."

"Ukundiona?"

"Bwinobwino. Maso onse awiri."

"Osatembenuka?"

"Osatembenuka. Kungokweza maso basi."

Manja awo anatsika pa chiwongolero n'kugwera pamiyendo.

"Kungokweza maso basi," anabwereza.

Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe m'dzenje lomwe lija. Ndinayamba kupepesa, koma anapukusa mutu. "Ayi, wanena zoona. Zikomo, Dorene. Tsopano tandisiya pang'ono."

Ndinakwawanso kutuluka, diresi yonse matope. Anthu anali atayamba kubalalika, a bandi akulongedza malipenga, ndipo dalaivala wa lole yodzanyamula galimotoyo anali akuyandikira, makiyi ali m'manja. Ndinamuimitsa ndi chala chimodzi, ndipo anaona nkhope yanga n'kubwerera kukakhala pamthunzi. Ndinaima pachitseko, msana ndaupereka kwa a Orval, kuti pasapezeke wowasokoneza.

Patapita nthawi ndinamva mawaya a mpando akulira. Ndinaganiza kuti akutuluka, ndiye ndinacheuka kuti ndiwagwire dzanja. Koma sankatuluka. Ankasendera pang'onopang'ono pa benchi lija, kuchoka pa chiwongolero kupita mbali inayo, pamalo pawo. Anakhazikika, mawondo pachibwano monga tsiku lija. Anakonza kolala ya malaya. Kenako anakweza maso n'kuyang'ana pagalasi, pamene panali kuoneka mpando wa dalaivala, ndi epuloni yanga yamatope itayalidwa pamenepo.