A Morandelli a ku Buchi

Alongo anga a Amos amakonza nsapato pamsika wa Buchi, koma mukalowa m'nyumba mwawo mungayese ndi kazembe wa dziko la Italy. Khoma lonse ndi zithunzi za azungu: bishopu, wopalasa njinga, mayi woyimba wotsegula kukamwa ngati akumezani. Onsewo ndi a Morandelli, ndipo a Amos amati ndi abale athu.

Zoona zake n'zakuti bambo athu anali a Banda a ku Katete. Ankaphikira Mtaliyana wina womanga nyumba ku Ndola, anthu n'kumawaitana ndi dzina la bwanayo mpaka linawakanirira. Ine ndinalisiya nditakwatiwa. A Amos analisandutsa mfunda. Mwana wina atawaonetsa pafoni anthu otchuka a dzinali, mutu unazungulira. Bishopu uja atamwalira, a Amos anatseka ntchito, n'kukhala pamphasa kudikira opepesa. Manyazi ndinachita ndine.

Zonsezo tinkangoseka, kufikira mwana wawo Nelia atabweretsa Jairus, mnyamata waulemu wa ku Ipusukilo wofuna kumukwatira. Jairus atatchula dzina la bambo ake, a Amos anadzuka n'kumukumbatira misozi ili mbwembwembwe. Nayenso anali Morandelli! Agogo ake, Mbemba wa ku Luapula, ankayendetsa lole ya Mtaliyana yemweyo.

"Mwana wanga, wafika kwanu," anatero. "Koma za ukwati iwalani. Munthu sakwatira mlongo wake."

"Awe mwandi, alongo!" ndinakuwa ine. "Wophika ndi dalaivala akhala liti pachibale? Ndife a Banda ife!"

Ndinalankhula mpaka malovu kuuma, koma kunali kuthira madzi pamsana pa bakha. Ngakhale ansembe a kuparishi analephera. Nelia anadikira mpaka anatopa, ndipo tsiku la ukwati ku Ndola amene anamugwira dzanja polowa m'tchalitchi ndine. Bambo ake anatsala ku Buchi ndi azungu awo apakhoma. Zimandipsetsabe mtima.

Mwezi watha Nelia anabwera ndi khanda, mwana wamwamuna. A Amos anafewa, anamunyamula n'kuyamba kumuonetsa zithunzi zija chimodzichimodzi.

"Uyu ndiye Morandelli weniweni," anatero monyadira.

"Ayi atate," anayankha Nelia. "Dzina limenelo linandimana bambo pa ukwati wanga. Ine ndi Jairus tamulembetsa kuti Banda."

A Amos anayang'ana khoma lonse lija. Chithunzi cha bambo athu panalibe.