Asilikali a M'magazi a Alamu Anga

Alamu anga, achimwene awo a malemu amuna anga, sanatikhululukire chifukwa chothawa nkhondo. Ife tinaoloka malire kupita ku Malawi ndili mtsikana, ndipo tinabwerera mtendere utafika, titasenza mapoto ndi mapulasitiki amene tinkafolera misasa. Iwo anatsala ku Ngauma nkhondo yonse, ndipo nkhaniyi ankaikamba paukwati, pamaliro, ngakhale pogula mchere. Ankatitchula kuti "a ku Malawi", chonsecho mchombo wanga unagwera m'mudzi woyandikana ndi wawo. Zoti nkhondoyo anaithera m'phiri, akudya zimene mayi awo okalamba ankatsika kukafuna, sankazitchula.

Ine ndi amuna anga tinakhazikika ku Mandimba. Tinaumba njerwa tokha, tinamanga kanyumba, ine n'kuyamba kugulitsa makapulana, zitenje za kwathu kuno, pamsika. Amuna anga atamwalira, alamuwo ankabwerabe akatha kugulitsa fodya. Ankakhala pampando wabwino, kudya nkhuku yanga, kenako n'kundilangiza za mmene mkazi wamasiye ayenera kukhalira. Kutchalitchi kwawo anali mkulu wa mpingo, ndipo jekete ankaivala ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Chaka chimene kunabwera matenda a chifuwa aja, amene anatitsekera malire n'kutiveka timasikara totseka pakamwa ndi pamphuno, ine anandigwira. Ndinayamba ndi kutentha thupi, kenako chakudya chinasiya kukoma, ndipo utsi wa moto sunkandinunkhiranso. Mpweya utayamba kundibanika, mwana wanga wamkazi, amene anakwatiwa ku Cuamba, anabwera kudzanditenga n'kukandigoneka kuchipatala cha kumeneko. Alamu anga atamva anaimirira kutchalitchi n'kuuza abale kuti pasapezeke wopita kukandiona. Anati nthendayo ndi ya anthu osakhazikika, amene mwendo umodzi uli kuno wina uli ku Malawi, ndipo anthu otere ndi amene amabweretsa chilichonse choipa. Wondikumbukira anali mkazi wawo yekha, mayi wofatsa amene ananditumizira ufa ndi mtedza mobisa kudzera kwa woyendetsa chapa, minibasi yonyamula anthu.

Ndinachira pang'onopang'ono. Tsiku lotuluka, dotolo amene ankandiona, mayi wachitsikana wa mawu otsika, anandipempha kuti ndikapeza mphamvu ndidzabwerenso kudzapereka magazi. Ndinamufunsa kuti magazi a munthu wongodzuka kumene pamphasa angathandize ndani. Anakhala pansi n'kundifotokozera mosathamanga. Anati thupi likamenyana ndi nthenda limapanga asilikali oidziwa nthendayo, ndipo asilikaliwo sakhala a mtundu umodzi. Alipo ofika msanga nkhondo ikangoyamba, koma sachedwa kutha. Alipo ena obwera mochedwerapo, amene amakhalitsa m'magazi kwa miyezi. Ena ntchito yawo ndi kulondera m'mphuno ndi pakhosi, pamene nthenda imalowera. Asilikaliwo amakhala m'madzi achikasu amene amatsala magazi akalekanitsidwa, ndipo madziwo ndi amene ankawafuna.

"Sindikukulonjezani kuti adzachiza munthu, mayi," anatero. "Nthendayi ndi yachilendo kwa ifenso. Koma mwina angamuthandize wina amene thupi lake likuchedwa kudziteteza."

Mawu amenewo ndinawakhulupirira chifukwa sanadzitame. Patapita milungu ndinakwera chapa kubwerera ku Cuamba. Anayamba andiboola chala kuti aone, ndipo anapeza kuti asilikali okhalitsa aja ndinali nawo ambiri, pamene ofika msanga anali atayamba kuchepa. Ndinagona pakabedi, namwino n'kundibaya pamkono, ndipo thumba linadzaza ndikuona. Nditafunsa, anandionetsa thumba la munthu wina limene anali atalekanitsa kale. Madziwo ankaoneka ngati mafuta ophikira. Anandipatsa chakumwa chotsekemera, ndinapuma, n'kupita kwa mwana wanga ndi miyendo yanga.

Nditabwerera ku Mandimba ndinapeza nkhani itafika kale. Alamu anga anali atalengeza kuti ndagulitsa magazi kwa anamapopa, ndipo kuti ndikulembera anthu ena oti akapopedwe. Mphekesera za opopa magazi kwathu kuno sizichedwa kuyaka. Azimayi amene ndinakhala nawo pamsika zaka zambiri anasuntha malonda awo. Makapulana anga anatuwa ndi fumbi popanda wowafunsa mtengo. Munthu amene anayambitsa zonsezi sanabwere kudzandifunsa kumaso. Ankangolankhulira kutali, ku Ngauma, pamene ankadziwa kuti mawu anga safika.

Mvula itatsala pang'ono kutha, mkazi wawo uja anadwala nthenda yomweyo. Alamu anga anamusunga m'nyumba masiku angapo, akumauza anthu kuti ndi malungo. Mayiyo atafika posatha kumaliza mawu chifukwa cha befu, anabwera naye pakhomo panga m'mawa, atamukweza panjinga yamoto. Sanapepese. Anangoti popeza ine ndikuidziwa njira ya ku Cuamba ndiponso mwana wanga ali komweko, ndi bwino ndiwaperekeze. Ndinapita chifukwa cha mayiyo. M'chapa ndinamukhazika pamiyendo panga, iwo atakhala kutsogolo pafupi ndi woyendetsa, nkhope atalozetsa kuwindo.

Kuchipatala anamuika pa mpweya. Tsiku lotsatira dotolo uja anatiitana n'kunena kuti wodwalayo magazi ake ndi ochepa, ndipo abale amene angathe apereke kuti m'nkhokwe ya magazi musathe. Anafunsanso ngati pakhomo panali wina amene anadwalapo chifuwa. Alamu anga anakana ndi mutu, n'kuwonjeza kuti iwo sanagonepo ndi nthenda chiyambire, ndipo magazi awo ndi a munthu amene anapirira nkhondo m'tchire. Dotolo anati palibe vuto, awayeza chala. Alamuwo analowa m'chipinda chifuwa chili patsogolo.

Zotsatira zake ine sindikanazidziwa, chifukwa dotolo sakamba za munthu kwa wina. Anazilengeza okha pakhonde, pamaso pa anthu odikira odwala.

"Mlamu, andipeza nawo asilikali," anatero akumwetulira. "Si ofika msanga aja ayi. Anga ndi okhalitsa, enieniwo."

Ndinawayang'ana. Ndinawafunsa ngati anamvetsa zimene anauzidwa. Anati anamvetsa bwino lomwe, kuti thupi lawo ndi lolimba.

"Asilikali amenewo sabadwa nawo munthu, alamu," ndinatero. "Ndiye kuti munadwala."

Anati chinali chimfine chabe, chosayenera n'kutchula komwe. Pamenepo ndinakumbukira kuti masiku ochepa ndisanagwe pamphasa iwo anagona kwanga, akukhosomolera m'kampango, n'kumanena kuti ndi fumbi la fodya. Sindinganene kuti nthenda ndinaitenga kwa iwo, pakuti pamsika pamadutsa anthu ambiri, ndipo dotolo anandiuza kuti magazi sanena kuti wapatsira mnzake ndani. Koma munthu amene anaimirira kutchalitchi kundinena anali atakhosomola kale, ndipo ankadziwa. Pakhondepo sanachite manyazi n'komwe. Anapita kukauza mlonda wa pachipata za asilikali awo.

Dotolo anasangalala kupeza munthu wochira amene angapereke. Anawalowetsa m'chipinda chomwe ndinagonamo ine, ndipo ine ndinaima pakhomo. Anavula jekete, anapinda malaya, anagona. Namwino anawamanga lamba pamkono, anapukuta ndi thonje, kenako anang'amba kapepala n'kutulutsa singano. Singano yotengera magazi ndi yonenepa kusiyana ndi ya jakisoni. Alamu anga anaiyang'ana, mphumi yawo n'kuyamba kunyezimira thukuta. Anati ayambe apita kuchimbudzi. Namwino anamasula lamba. Tinadikira mpaka namwino anatopa n'kuitana munthu wina. Mlonda ndi amene anatiuza kuti bambo aja atuluka mofulumira kulowera kokwerera chapa, ndipo asiya uthenga woti fodya wawo ali pachigafa alibe womuyang'anira. Jekete anaisiya pampando.

Ndinagona ine pakabedipo. Miyezi inali itakwana yoti ndikhoza kuperekanso, ndipo mpongozi wanga, mwamuna wa mwana wanga, naye anapereka. Sindikudziwa ngati thumba limene anamuika mayiyo linali langa kapena la munthu wina. Sindikudziwanso ngati chinamudzutsa ndi magazi, mpweya, kapena kulimba mtima kwake. Anadzuka ndithu. Ine ndi mwana wanga tinkasinthana pomusambitsa ndi kumudyetsa phala, ndipo alamu anga sanaonekenso ku Cuamba.

Atatuluka ndinamutengera kwanga ku Mandimba. Ankakhala nane pamsika atafunda kapulana, ndipo aliyense wofunsa ankamuuza mwa kufatsa kwake komwe kuja zimene anaziona kuchipatala, ndi za amene anathawa singano. Sankawonjezera kanthu. Azimayi aja anabwezera malonda awo pafupi ndi anga mmodzimmodzi, popanda wonena chifukwa. Ine sindinawafunse.

Ku Ngauma nkhani inafika mwa mtundu wina. Alamu anga anauza mpingo kuti madotolo anadabwa ndi magazi awo, ndipo anawaletsa kupereka poopa kuti angamupose mphamvu wodwalayo. Ena anakhulupirira. Mpaka pano akadali mkulu wa mpingo, ndipo tikakumana pamaliro ndimawagwadira n'kuwapatsa moni monga mwa mwambo, basi.

Alamu anga anadzatenga mkazi wawo nthawi yosankha fodya itakwana, pamene manja ankafunika. Anaima panja pa mpanda, chipewa chili kumutu, n'kutuma mawu kuti njinga yamoto ikudikira. Mayiyo anamanga katundu wake mosafulumira, anasesa m'chipinda chimene ankagona, anandigwira dzanja kanthawi, n'kukakwera kumbuyo.