Dzina Langa pa Msomali Wachitatu

Munthu amene anandilakwira ndi Aphunzitsi a Mbewe, a pasukulu ya mishoni kwathu ku Kasenengwa. Anachotsa dzina langa pa msomali wachitatu n'kukalikoleka pa msomali wotsiriza, pansi penipeni, ine ndisanagonje kwa munthu aliyense. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 4. Lero ndili ndi ndevu, ndimakonza njinga ku Kapata kuno ku Fort Jameson, koma msomali umenewo sindinauiwale.

Masewera a chesi anabwera nawo ndi wansembe wina wamtali amene ankayang'anira masukulu onse a mishoni. Anatisiyira bokosi la zidole zamtengo, buku la malamulo lolemba pamanja m'Chingerezi, ndi thabwa lalitali limene anakhoma pafupi ndi chitseko cha kalasi. Pathabwapo panali misomali khumi ndi iwiri yotsetsereka kuchokera pamwamba. Aliyense wosewera anali ndi kathabwa kake kakang'ono, dzina lake atalilemba ndi waya wamoto. Thabwa lonselo tinkalitcha makwerero. Ukafuna kukwera, unkaputa mnzako amene ali pamwamba pako ndi msomali umodzi kapena iwiri, osapitirira apo, aphunzitsi n'kulemba m'buku. Ukamugonjetsa, munkasinthana misomali. Ndipo woputidwayo akapanda kusewera m'masiku asanu ndi awiri, malo ake ankatenga womuputa. Wansembe uja anatiuza zimenezi yekha, ataimirira pakhomo, tonse tikumva.

Kumapeto kwa chaka cha sukulu, anyamata awiri apamwamba ankakwera lole ya mishoni kupita ku Boma, ku Fort Jameson, kukapikisana ndi masukulu ena. Musaganize kuti chimene tinkafera ndi lole. Malo a Sitandade 5 anali ochepa, ndipo wosankha anali wansembe yemweyo. Tonse tinkadziwa kuti mnyamata amene wamuona akusewera ku Boma tsiku lathunthu samuiwala dzina. Kwa ine, mwana amene bambo ake anali ku migodi chaka chachinayi osatumiza ndi kalata yomwe, khomo linali lomwelo basi.

Ndinayambira pa msomali wotsiriza. Anzanga ogonera pasukulu ankagwira zidole zenizeni tsiku lililonse akaweruka, pamene ine ndinkathamangira kumudzi kukatsekera mbuzi. Ndiye ndinaumba zanga. Dothi lofiira mbali iyi, lakuda mbali iyo, mabwalo ndinajambula ndi kamtengo kuseri kwa nkhokwe. Mahatchi anga ankaoneka ngati atonde, ndipo mvula inandisungunulira gulu lonse kawiri. Ndinkasewera ndekha, kukhala uku, kudzuka, kukakhala uko. Amama anandipeza tsiku lina ndikulankhula ndi dothi, nagwira korona wawo.

"Lazaro, wayamba kuombeza maula pakhomo panga?"

"Iyayi amama, ndi masewera a kusukulu."

"Masewera otani osaseka?"

Pofika nyengo ya Lenti ndinali pa msomali wachitatu. Pamwamba penipeni panali Pasikale, mnyamata wamkulu wofatsa amene palibe ankamukhudza, ngakhale ine. Sindinamuchitire nsanje, malo anali ake. Wachiwiri anali Dominiko, mwana wa mlongo wawo wa Aphunzitsi a Mbewe. Bambo ake anali kalaliki ku Boma, iye ankavala nsapato. Kaseweredwe kake kanali kamodzi: kutulutsa mfumukazi msangamsanga kuti aopseze ana. Ukangomulanda mfumukaziyo, nkhope yake inkachita ngati wamwa mankhwala a malungo.

Ndinamuputa Lolemba, aphunzitsi analemba ine ndikuona. Lachitatu anati Dominiko mutu ukumupweteka. Lachisanu anati ali ku kwaya. Masiku asanu ndi awiri anatha. Ndinapita ku tebulo lawo, manja kumbuyo monga anatiphunzitsira.

"Aphunzitsi, masiku aja akwana."

"Masiku ati?"

"Asanu ndi awiri, aphunzitsi. Dominiko sanasewere."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iwe ndi ine, amasunga buku ndani?"

"Ndinu, aphunzitsi."

"Ndiye kakhale pansi."

Mlungu wachiwiri unatha chimodzimodzi. Munthu wodwala mutu uja ndinkamuona akumenya mpira. Tsiku lina pa nthawi yopuma anzathu anamuseka mpaka anavomera kusewera nane pansi pa mtengo wa mango. Ndinamugonjetsa katatu belu lisanalire, kachitatuko ndinamupatsa dala chidole changa chimodzi cha nsanja chaulere. Anyamata anakuwa. Aphunzitsi anatulukira pawindo n'kunena kuti, "Za pansi pa mango sizilowa m'buku." Apo sindinatsutse, chifukwa zinali zoona. Ndinangoti m'mtima, tsiku lake lifika, sangabise mnyamatayu mpaka kalekale.

Kenaka mtedza unakhwima. Amene sanalimepo mtedza sangamve. Ukakhwima sudikira munthu: ukachedwa, nthaka iuma ngati njerwa, makoko atsalira pansi, chiswe chilowa. Amama anali okha ndi khasu limodzi. Anati ndijombe masiku atatu, Lolemba mpaka Lachitatu. Ana onse a m'midzi ankatero chaka chilichonse, ndipo sukulu inkadziwa. Komabe ine ndinapita kukapempha, chifukwa Lachisanu la mlungu womwewo ndilo linali tsiku lotseka makwerero.

Aphunzitsi a Mbewe anamwetulira. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi kumwetulira kumeneko. Anandigwira paphewa, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Pita mwana wanga, kathandize mayi ako. Mwana wabwino amatero."

"Nanga za Dominiko, aphunzitsi?"

"Usade nkhawa. Tiona ukabwera."

Ndinakumba mtedza masiku atatu ndikuimba. Zikhatho zinatuluka matuza, msana unauma, koma m'mutu ndinkangosuntha zidole. Madzulo tikuthothola, ndinkauza amama za lole, za Boma, za Sitandade 5, iwo n'kumangoti, "Thothola, malodza iwe, ukulankhula kwambiri." Koma ndinawaona akumwetulira chakumbali.

Lachinayi m'mawa ndinafika pakhomo la kalasi, maso anga n'kupita pa msomali wachitatu monga mwa masiku onse. Panali dzina la wina. Ndinatsitsa maso. Wachinayi ayi. Wachisanu ayi. Ndinatsika thabwa lonse mpaka pafupi ndi maondo anga, ndipo ndi pamenepo pamene panali LAZARO, pansi pa kamwana ka Sitandade 2 kamene kankasuntha hatchi ngati bishopu.

Pasikale ndiye anandinong'oneza. Masewera anga ndi Dominiko aphunzitsi anawaika Lolemba, tsiku loyamba la mtedza. Anayala zidole, Dominiko anakhala pampando, aphunzitsi anaitana dzina langa katatu pamaso pa kalasi yonse, ngati sakudziwa kumene ndili. Kenaka anatsegula buku n'kuwerenga kuti wosafika pa masewera oikika atsikira pa msomali wotsiriza.

Sindikumbukira mmene ndinafikira ku tebulo. Ndikukumbukira kuti buku linali pamenepo, ndipo ndinalitsomphola. Chingerezi changa chinali chopunduka koma chinakwana. Lamulo lachisanu ndi chiwiri linalipodi, sananame: wosafika atsikira pansi. Koma pamwamba pake penipeni, tsamba lomwelo, inki yomweyo, panali lachisanu ndi chimodzi, la masiku asanu ndi awiri lija. Kuti diso lifike pa lamulo limene anandipachika nalo, linayenera kudutsa pa limene likanatsitsa mwana wa mlongo wawo milungu iwiri yapitayo.

"Bweretsa bukulo, iwe!"

"Munandiuza kuti ndipite! Munandigwira paphewa!"

"Ukulankhula ndi ndani choncho? Mwana wopanda mwambo!"

Ndinaponya buku pansi. Ndinatuluka, ndinagwira makwerero ndi manja awiri, matuza akuphulika, n'kuzula thabwa lonse pakhoma pamodzi ndi dothi lake. Ndinalimenyetsa pa mwala wa pakhonde mpaka linathyoka pakati. Mayina anamwazika pabwalo ponse. Ndinatola langa lokha, ndinaika m'thumba la kabudula.

Aphunzitsi anandikwapula zikoti zisanu ndi chimodzi, anyamata awiri atandigwira. Sindinalire, ndipo zimenezo zinawakwiyitsa koposa. Anati ndisadzaponde pasukulupo mpaka nditabwera ndi kholo n'kugwada pamaso pa ana onse.

Amama anapita okha m'mawa mwake, atasenza lichero la mtedza womwe uja. Tangoganizani, mtedza womwewo! Aphunzitsi anaulandira. Pobwera anandipeza kuseri kwa nkhokwe ndikuphwanya zidole zanga zadothi ndi chidendene.

"Akuti ukagwade Lolemba, akukhululukira."

"Ndikagwadire wakuba?"

"Lazaro, tamvera. Pasikale anandiperekeza mpaka pamtsinje. Akuti iye anali atakonza zokauza abambo wansembe Lamulungu ikatha Misa, za masiku asanu ndi awiri aja. Anyamata anayi anavomera kukaikira umboni. Tsopano akanene chiyani? Abambowo amva kale kuti mwana wa kwa Banda wathyola thabwa lawo. Za buku palibe akuzifunsa."

Ndinapondanso chidole china.

"Munthu uja analibe mlandu woti akuimbe," anatero amama, akutola mutu wa hatchi yanga pansi. "Wamupatsa ndiwe, ndi manja ako."

Sindinakagwade. Lole inapita ndi Pasikale ndi Dominiko. Ndinamva kuti Dominiko anagonja masewera ake onse, ena asanathe ndi mphindi khumi zomwe, koma ku Sitandade 5 anapita. Ine sukulu inathera pomwepo. Ndinalima zaka ziwiri, kenaka ndinabwera kuno ku Boma kudzaphunzira za njinga kwa amalume.

Zimene ananena amama zinanditengera zaka kuti ndizimeze. Ndinali wolungama mpaka pa mphindi imene ndinagwira thabwa lija. Ndikanangoimirira ndi buku m'manja, chala pa lamulo lachisanu ndi chimodzi, n'kudikira Lamulungu, wochita manyazi akanakhala wina. Ndikuvomera zimenezo. Koma wina asandiuze kuti choncho tonse tinalakwa mofanana. Ine ndinathyola thabwa, mmisiri anakonza tsiku limodzi. Aphunzitsi aja anathyola chiyani, ndipo anakonza ndani? Masiku ano ndikamva akuluakulu a Chitaganya akufotokoza za mavoti, kuti woyenera ndi amene anafika kalasi yakutiyakuti, enanu dikirani mukwere bwinobwino, ndimaseka chowawa. Makwerero ndimawadziwa ine. Sindifunsanso kuti malamulo akuti chiyani. Ndimafunsa kuti buku akusunga ndani, ndipo mwana wa mlongo wake ali pa msomali uti.

Chesi sindinaisiye. Ku holo ya ku Kapata timasewera Loweruka lililonse masana, amakalaliki, aphunzitsi, amesinjala ndi ine wa manja a girizi. Nakonso kuli makwerero. Nditalowa ndinaumirira chinthu chimodzi, kuti buku lizikhala pa tebulo lotsegula, aliyense aziwerenga. Anandiyesa wovuta, koma anavomera. Dzina langa lili pa msomali woyamba chaka chachiwiri tsopano, ndipo wondiputa ndimasewera naye tsiku lomwelo, ngakhale ndikhale ndi malungo.

Mwezi wathawu masukulu anabwera kudzapikisana mu holo yomweyo, ndipo anandipempha kuti ndiyang'anire matebulo. Ndikuyala zidole, ndinamva mawu kumbuyo kwanga amene sindingawasokoneze ndi a munthu wina. Aphunzitsi a Mbewe, imvi zitayamba, magalasi omwe aja, ali ndi anyamata awo awiri. Wina anawalozera ine kuti uyo ndiye katswiri wa kuno. Anabwera manja ali tambasu, akuseka kuti holo yonse imve.

"Lazaro! Uyutu ndi wanga uyu! Ndinamuphunzitsa ndine, kuyambira pa msomali wotsiriza. Anali wamtima wapachala, koma ndinaona kuti muli kanthu."

Magazi anandithamangira kumutu monga tsiku lija. Tebulo linali pafupi, lopepuka, zidole zili ndandanda. Ndinaliyang'ana. Kenaka ndinaika manja kumbuyo n'kugwira dzanja lina ndi linzake zolimba mpaka zala zinachita dzanzi. Nditaona kuti zandimvera, ndinapisa m'thumba n'kutulutsa kathabwa kaja, kamene ndimamangirira ku makiyi a shopu, dzina litayamba kufufutika. Ndinakamasula, ndinakaika m'dzanja limene ananditambasulira, ndipo ndinalankhula pang'onopang'ono kuti anyamata awo awiri aja amve liwu lililonse.

"Aphunzitsi, chesi ndinadziphunzitsa ndekha kuseri kwa nkhokwe. Inu munandituma kukakumba mtedza n'kuitana dzina langa katatu mukudziwa kumene ndili. Lamulo lachisanu ndi chimodzi lili pamwamba pa lachisanu ndi chiwiri, ndipo munalidumpha dala. Masiku asanu ndi awiri a Dominiko anatha kalekale. Tengani dzinali, mukalikoleke pa msomali wachiwiri, ana akakufunsani kuti Lazaro ndani, mukawauze zoona."