Malata a Atate

Mpaka lero, ndikamva msomali ukulira pozulidwa pa lata, ndimayang'ana kudenga. Phokoso limenelo ndinalimva koyamba m'chilimwe cha chaka chija tinkadya chimanga chachikasu, atate atangoikidwa m'manda. Tinkakhala ku Madzimoyo, ine ndili ndi zaka khumi, kusukulu ndisanapondeko.

Misozi isanaume, kunabwera atate aang'ono, mng'ono wa malemu, ali ndi ngolo. Anakweza njinga, wailesi ndi makina osokera. Amayi atakakamira mwendo wa makinawo, anawakwapula pakamwa ndi tcheni cha ngolo. Dzino linagwera m'fumbi, nkhuku n'kuthamangira kukalijompha.

"Mlamu, katundu wa mbale wanga si wako," anatero. "Malatawa ndidzazula Loweruka." Anazuliratu limodzi la pakhonde kuti tidziwe kuti sakuseka.

Mayi wina wogulitsa tomato ndiye anatinong'oneza kuti ku Chipata kuli nyumba ya mabuku, laibulale, kumene munthu amaona malamulo a boma. Tinakwera lole ya thonje, dzuwa likuwotcha pamutu. Pakhomo amayi anavula patapata n'kugwada, poyesa kuti ndi khoti. M'katimo munkanunkha polishi ndi mapepala akale.

"Dzukani mayi, ine si woweruza," anatero bambo wamagalasi amene ankasunga mabukuwo. Anayang'ana mlomo wotupawo, osafunsa zambiri. Anatilozera shelefu ya malamulo, n'kutiuza kuti aliyense ali ndi ufulu wopempha kuti amutsegulire. Anatsitsa buku lonenepa, kuwerenga m'Chingelezi, kumasulira m'Chinyanja: nyumba ndi ziwiya zake ndi za mkazi wamasiye ndi ana, ndipo wolanda akhoza kupita kundende. Bukulo silinkaloledwa kutuluka, choncho anatikopera papepala.

"Bwerezani, bambo, mwanayu amve," anatero amayi. "Tonsefe ndife osawerenga, koma uyu mutu wake sudontha." Anabwereza katatu. Pobwerera ndinkawayimba mawuwo ngati nyimbo ya pamtondo.

Loweruka atate aang'ono anafika ndi ngolo ndi amuna awiri aganyu, amene anakwera padenga ndi nyundo. Amayi anatambasula pepala lija. Atate aang'ono analitsomphola, kuling'amba, kuwagwira amayi pakhosi n'kuwakankhira pa mtondo. Magazi anatsikira m'khutu. Anthu anaima kuseri kwa mpanda, kungoonerera, poti nkhani za pabanja.

Sindikudziwa chinandilowa. Ndinakwera pa chulu cha pafupi ndi khola n'kuyamba kufuula lamulo lonse, liwu ndi liwu, monga anatiwerengera bambo uja. Nditafika pa mawu onena za ndende, nyundo zinasiya kulira.

"Kamwanaka kazitenga kuti zimenezi?" anafunsa mmodzi wa padenga.

"M'buku la boma," anayankha amayi, akulavula magazi. "Mukang'ambenso lomwelo."

Amunawo anatsika. "Bwana, ife tinagwirizana za malata, osati za ndende," anatero mmodzi kwa atate aang'ono. Atate aang'ono anandithamangitsa, n'kundigenda ndi chidutswa cha njerwa. Chipsera chake chilipo kuseri kwa khutuli, adzukulu anga amachisisita. Koma ngolo inabwerera yopanda kanthu, ndipo mvula yoyamba inatipeza tili pansi pa denga.

Masiku amenewo ndinkaganiza kuti mawuwo anali ngati mankhwala, kuti ukawatchula mokweza munthu woipa amagonja. Lero ndimaona kuti amuna aja sanaope kamtsikana ka pachulu. Anaopa kuti mkazi wosawerenga wadziwa kumene lamulo limakhala, ndipo Lolemba akhoza kukweranso lole.